Ngongole Yathu kwa Mbalame ya M'khola

Aphunzitsi anzanga a Sande Sukulu, mwezi wa Juni ukafika kuno kwa Chiwalo ana amabwera ku kalasi atapisa manja m'khwapa, milomo itachita mbuu, ndipo ena safika konse kufikira dzuwa litakwera. Ndiyo nyengo imene chiperoni chimabwera kuchokera ku Mozambique ndi kamvula kake kowaza, mpaka phiri la Michesi ndi la Mulanje osaonekanso masiku awiri kapena atatu. Ndiyonso nyengo imene anyamata, popeza ntchito ya kumunda yachepa, amayendayenda ndi ulimbo ndi malegeni. Ndifuna tilingalire pamodzi funso limene mwana anandifunsa m'nyengo yotereyi, ndipo ine amene ndinagwira choko zaka zambiri ndinasowa poyambira.

Mdzukulu wanga, mnyamata wa zaka 9, anagwira pumbwa ndi ulimbo pa mtengo wa papaya kuseri kwa nyumba. Sanafune kumuwotcha monga amachitira anzake. Anamanga kakhola ka mapesi a mapira, kokongola ndithu, naikamo madeya ndi madzi m'kachitini, nakapachika pakhonde. Ine ndinaona zonsezi. Ndinaona kuti nthenga zinali zomatana ndi ulimbo, ndipo ndinadziwa bwino kuti pumbwa sakhalira madeya, pakuti chakudya chake ndi zipatso ndi tizilombo. Koma mwanayo anali wokondwa kwambiri, tsono ndinati mumtima mwanga, "Ndidzamuuza mawa." Usiku umenewo kunachita mphepo. M'mawa tinapeza pumbwa ali chagada, timiyendo titauma gwa.

Mwanayo sanalire msanga. Anandiyang'ana nati, "Anganga, ine sindinamuphe. Ndimamukonda. Nanga ndalakwa?"

Pali mayankho awiri amene amabwera msanga pakamwa pa munthu wamkulu. Loyamba ndi lakuti, "Sunalakwe, ndi mbalame chabe, ukagwira ina." Lachiwiri ndi lakuti, "Walakwa, mbalame siisungidwa." Ine ndiyesa kuti onse awiri ndi mayankho a munthu wofuna kuti mwana akhale chete. Tisanayankhe, tiyambe taona chimene chinapha pumbwayo.

Thupi la mbalame ndi lotentha kuposa lathu. Lathu limakhala pa madigiri 37, pamene la mbalame limafika 40 kapena kupitirira, ndipo kathupi kakang'ono kamataya kutentha msanga, monga khala limodzi lizima msanga kuposa chikuni. Chotero mbalame iyenera kudya tsiku lonse kuti ipeze nkhuni za usiku, ndipo usiku wa mu Juni kuno kwathu ndi wautali, pafupifupi maola 13. Kukazizira mbalame imatukumula nthenga kuti zisunge mpweya wofunda pafupi ndi khungu. Limenelo ndilo bulangeti lake. Imasankhanso pogona, m'kati mwa chitsamba chowirira, kumbali yobisika ku mphepo. Tsono taonani chimene tinachita ife. Ulimbo unamata bulangeti lija. Madeya anamugoneka ndi njala. Kakhola kanamuletsa kusankha pogona, ndipo tinakapachika pakhonde loyang'ana kumene mphepo imachokera. Pumbwa amene akadapirira usiku umenewo payekha m'tchire anafa chifukwa anali m'manja mwa anthu omukonda.

Apa ndipo pagona nkhani. Pumbwa wa m'tchire sitili naye ngongole yaikulu. Akafa ndi chisanu m'dambo palibe angatizenge mlandu, pakuti anali ndi mapiko ake ndi nzeru zake. Koma tsiku limene titseka chitseko cha khola, tamulanda zonse zimene akadadzithandiza nazo, ndipo zimene tamulandazo zasanduka ntchito yathu. Ife ndife mapiko ake tsopano. Ngati sitidziwa chimene amadya, tiyenera kufunsa. Ngati sitingathe kuchipeza, tiyenera kutsegula chitseko. Chikondi chimene mdzukulu wanga anali nacho chinali choona, sindichikayika. Koma chinali chikondi chofuna kukhala nacho chinthu pafupi, chosafunsa kuti chinthucho chikusowa chiyani. Akulunso tili nacho chikondi chotere, ndipo si pa mbalame pokha ayi.

Wina adzati, "Ngati ndi tero, tileke kusunga mbalame iliyonse." Sindivomera. Pakhomo panga pali khola la nkhunda, lomangidwa pa mitengo italiitali chifukwa cha amphaka ndi alikongwe. Nkhunda sizitsekeredwa. M'mawa zimauluka kukatola m'minda momwe mwakololedwa mapira ndi mpunga, madzulo zimabwerera zokha. Palibe amazikoka ndi chingwe. Zikaona kuti pakhomo palibe madzi, kapena makoswe akuzivuta usiku, zimasamukira kwa mnansi, ndipo milandu ya nkhunda zosamuka akulu a m'mudzi amaidziwa. Pakati pa ife ndi nkhunda pali ngati pangano: ife pogona ndi madzi, izo maunda. Nkhunda ndi nkhuku zakhala ndi anthu kuyambira kalekale ndipo zinazolowera pakhomo, pamene pumbwa ndi mpheta sizinapangane nafe kanthu.

Komabe nkhunda nazo zili ndi ngongole yake m'nyengo yachisanu. Nkhunda imaikira mazira awiri, ndipo amaswa patapita masiku ngati 18. Yaimuna imafungatira masana, yaikazi usiku, ndipo zonse ziwiri zimadyetsa ana ndi chakudya choyera chonga mkaka chochokera m'chithokomiro. (Pamene ndinali ku koleji ya aphunzitsi ndinaganiza kuti buku likunama pa mfundo imeneyi, kufikira nditadzionera ndekha.) Maunda amabadwa opanda nthenga zenizeni, ndipo ofooka kwambiri ndi aja a sabata imodzi kapena ziwiri, amene makolo ayamba kuwasiya okha koma nthenga zisanakwane. Mwini nkhunda wanzeru amamata ming'alu ya khola ndi dothi kumbali ya mphepo mwezi wa Meyi usanathe, amafolera denga kuti chiperoni chisadonthere m'zisa, amasesa zitosi ndi kuwaza phulusa chifukwa cha utitiri, ndipo madzulo amamwaza kachimanga kosinja kapena mapira kuti zigone zokhuta. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Koma asatseke mabowo onse, chifukwa khola lopanda mpweya limadwalitsa.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ana okulirapo sadzalephera kukufunsani. Adzati, "Aphunzitsi, nkhunda mukuzifunditsazo si zomwe mudzadye? Nanga kusiyana kwake ndi kotani ndi ife amene timawotcha mpheta?" Musawakalipire, chifukwa funsoli ndi labwino. Ndi zoona kuti bunda likakwana sabata zinayi limalowa mumphika, makamaka pakabwera mlendo kapena pakakhala wodwala. Ndi zoonanso kuti kuno kufupi ndi madambo a nyanja ya Chilwa mabanja ambiri akhala akudalira mbalame za m'madzi, makamaka m'zaka zimene nyanjayi inaphwa, monga 1968, 1995 ndi 2018, matemba atasowa. M'chaka cha 1996 nyanjayi inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, wotchedwa Ramsar, ndipo chifukwa chimodzi chinali kuchuluka kwa mbalame zake. Sindidzauza mwana wa msodzi kuti bambo wake ndi woipa chifukwa anabweretsa mbalame kunyumba.

Chimene ndinganene ndi ichi. Kupha chifukwa cha njala, mwachangu, ndi kusiya zina kuti ziswane, ndi chinthu china. Kuzunza chifukwa cha masewera kapena ulesi ndi chinanso. Malamulo a Mose, pa Deuteronomo 22:6-7, amalola munthu wopeza chisa kutenga ana, koma amamuletsa kutenga ndi make yemwe. Lamulo limenelo silikana kuti munthu ali ndi njala, likungomuikira malire. Bunda limene ladya bwino, lagona pofunda, nafa kamodzi m'manja mwa munthu wodziwa, silinachitiridwe chimene chinachitikira pumbwa uja, amene anafa pang'onopang'ono usiku wonse popanda womudya. Ndivomere kuti yankho limeneli silithetsa zonse. Pali ena amene mtima wawo sulola kudya chimene adyetsa ndi dzanja lawo, ndipo sindiwaseka.

Pali chotsutsa china cholemera kuposa ichi. Mayi wina wa mumpingo, nditamufotokozera nkhaniyi, anati, "Abambo, mukudandaula za mbalame pamene ana akugona ndi chitenje chimodzi awiri?" Ananena zoona. Namondwe wa Freddy atawononga boma lathu la Phalombe mu Malichi 2023, mabanja ambiri analowa m'nyengo yachisanu opanda nyumba ndi zofunda. Ngati pakhomo pali thumba limodzi, lifunde mwana, osati khola. Ngati pali mbale imodzi ya chimanga, ipite kuchigayo. Pamenepo palibe mtsutso. Komatu umphawi sutikakamiza kutsekera pumbwa. Wosowa chodyetsa nkhunda angathe kuziikiza kwa mbale wake kapena kuzigulitsa. Ndipo ine m'zaka zanga za uphunzitsi sindinaone mwana amene, chifukwa chosamala kamwanapiye, anaiwala mng'ono wake. Ndinaona zosiyana: amene amathyola miyendo ya mbalame kuti aziseweretsa ndi yemwe ndinkamupeza akutsina ana a Sitandade 1 pa nthawi yopuma.

Pophunzitsa ana zimenezi musayambe ndi lamulo. Afunseni mbalame zimene aziona sabata imeneyo, chimene iliyonse imadya, ndi kumene imagona. Mudzadabwa kuti amadziwa zambiri kuposa inu. Afunseninso za anamzeze aja amene amadzaza pa mawaya nthawi ya dzinja: ambiri a iwo amachokera ku Ulaya ndi ku Asia, kuthawa chisanu cha kumeneko, ndipo pofika Epulo amayamba ulendo wobwerera. Kambalame kotere kamadziwa nthawi yake ndi njira yake popanda wokauza. Pamenepo afunseni chimene chingachitike wina atakatsekera, ndipo muwasiye ayankhe okha.

Mdzukulu wanga ndinamuyankha madzulo a tsiku lomwelo, tikuwotha moto. Ndinamuuza kuti sanalakwe pokonda, koma analakwa posafunsa, ndipo kuti ine ndinalakwa koposa, pakuti ndinadziwa koma ndinakhala chete poopa kumukhumudwitsa. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati ndingamupatse nkhunda ziwiri zikhale zakezake. Ndinamupatsa, pa pangano lakuti madzi ndi phulusa ndi ntchito yake, ndipo m'mawa uliwonse asanapite kusukulu akwere kukasuzumira m'zisa.

Wakhala akuchita zimenezi, ngakhale masiku ena amachita kukumbutsidwa ndi agogo ake aakazi. Nkhunda zake zinaswa maunda awiri mu Julaye, ndipo onse anapirira chisanu. Atakwana sabata zinayi kunabwera alendo, ndipo mayi a kunyumba anayang'ana kukhola. Mnyamatayo anaimirira pansi pa khola manja atatambasula, nati, "Anganga, awa ayi." Alendo aja anadya nandolo.