Phindu Limeneli Walipira Ndani?

Amayi anzanga, masiku ano ana athu kuno ku Chibavi saonera mafilimu a nkhondo ndi karate okha. Pa mafoni awo mumapezekanso mafilimu a anthu ovala masuti, okhala m'maofesi a ku New York, amene amalemera pogula ndi kugulitsa masheya, ndiye kuti tizigawo ta umwini wa kampani. Mafilimu amenewa amadzutsa funso lakale: kodi ndalama imene munthu waipeza osatuluka thukuta ndi yoyera?

Filimu ya Wall Street inatuluka mu 1987. Mnyamata wina, Bud Fox, pofuna kulemera msanga, anakadziphatika kwa mpondamatiki Gordon Gekko, amene ankaphunzitsa poyera kuti umbombo ndi chinthu chabwino. Kuti amukonde, Bud anamuululira chinsinsi cha kampani ya ndege imene bambo ake ankagwirako ntchito. Gekko anakonza zoti agule kampaniyo, aiphwasule, agulitse katundu wake, antchito atsale padzuwa. Pamapeto Bud anamangidwa. Wolemba ankafuna kuchenjeza anthu, koma Michael Douglas, amene anasewera ngati Gekko, wanenapo kangapo kuti anyamata ambiri ankamuuza kuti analowa ntchito ya masheya chifukwa chosirira Gekko yemweyo.

Filimu ina, The Wolf of Wall Street ya mu 2013, ndi nkhani yoona ya Jordan Belfort. Kampani yake, Stratton Oakmont, inkagula masheya otchipa a makampani osadziwika, kenaka anyamata ake ankaimbira anthu foni kuwanamiza kuti mtengo ukwera. Anthu akagula ambiri mtengo unkakweradi, Belfort n'kugulitsa ake, mtengo n'kugwa, ogula aja n'kutsala manja ali m'khosi. Anakhala m'ndende miyezi 22, ndipo khoti linamulamula kubweza ndalama zoposa madola 110 miliyoni. Filimuyi ndi ya maola atatu, yodzaza ndi magalimoto, maphwando ndi zonyansa zosayenera ana, koma anthu amene anaberedwa saoneka nkhope. Timangowamva mawu pa foni. N'chifukwa chake woonera amatha kusirira wakubayo, pakuti misozi ya woberedwa sanaione.

Kodi tinene kuti msika wa masheya ndi tchimo? Ayi. Kwathu kuno tili ndi Malawi Stock Exchange ku Blantyre, imene inayamba kugulitsa masheya mu 1996, ndipo kampani yoyamba kulowapo inali NICO. Lero pali makampani monga Illovo, TNM, National Bank ndi Airtel, imene inalowa mu 2020. Mayi akagula masheya a Illovo, phindu limene amalandira limachokera ku shuga wolimidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, wogulidwa ndi anthu omufuna. Ndalama za penshoni za anthu ambiri apantchito zimasungidwanso m'masheya omwewa. Ngakhale m'fanizo la matalente la pa Mateyu 25, wodzudzulidwa ndi uja anakwirira ndalama pansi.

Choncho funso loyenera si lakuti thukuta latuluka kapena ayi. Funso ndi lakuti: phindu limeneli lachokera kuti, ndipo walipira ndani? Pali phindu lobadwa chifukwa chinthu chapangidwa, chagulitsidwa, ndipo onse apindula. Palinso phindu longochoka m'thumba la mnzako kulowa m'thumba lako, iye osalandira kanthu.

Funso limeneli tisalisiye ku New York, tibwere nalo pa mkeka wa banki m'khonde. Magulu amenewa athandiza amayi ambiri kupeza mpamba wa mandasi, wa kaunjika ndi wa tomato, ndiponso kulipira fizi ya ana. Mnzathu akakongola, n'kuoda nyemba, n'kugulitsa ku msika wa Mzuzu, n'kubweza ndi chiwongoladzanja, tonse timagawana chimene geni yabala. Koma tikamakakamiza membala kutenga ngongole imene sakuifuna pofuna kuti ndalama zichuluke, kapena tikuona ndi maso kuti mnzathu akukongola ku gulu lina kuti abweze kwathu koma ife n'kukhala chete, ndiye kuti gawo lathu la mu Disembala likunenepa ndi mavuto ake. Tikafika pomulanda matilesi ndi mapoto, tasiyana pati ndi wakatapila?

Wina anena kuti, "Komatu anavomera yekha, malamulo a gulu amawadziwa." N'zoona, ndipo ngongole iyenera kubwezedwa, chifukwa ndalama zimenezo ndi za amayi ena osaukanso. Koma tikumbuke kuti amene ankagula masheya kwa Belfort nawonso ankavomera okha. Kuvomera kwa munthu wonamizidwa, kapena wa mwana wodwala pamsana, sikutichotsera udindo. Lamulo la gulu limatiuza zimene tingathe kuchita, koma zimene tiyenera kuchita zimachokera mu chikumbumtima.

Funso lomweli limatitetezanso ifeyo. Munthu akabwera kunena kuti tiike ndalama ndipo pakutha mwezi zichulukitsidwa kawiri, timufunse chimene akugulitsa. Ngati sangathe kufotokoza, phindulo ndi ndalama za amene alowe pambuyo pathu. Ofuna kugula masheya apite kwa mabuloka ovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ndipo mwana wanu akamasirira galimoto ya m'filimu, musangomulanda foni. Khalani naye pansi, mumufunse kuti ndalama yogulira galimotoyo inali ya ndani, ndipo mwini wake anagona ndi chiyani usiku umenewo. Funso lomwelo tidzifunse tokha tsiku logawana, tisanamange ndalama pa chitenje.