Walira mvula walira matope

Masiku ano mukatsegula wailesi, kapena mukakhala pafupi ndi ana awa amene maso awo sachoka pa foni, simulephera kumva za mpweya wa haidrojeni. Akuti ndiwo mafuta a mawa. Akuti amaufulula m'madzi, ndipo galimoto ikayendera mpweya umenewu kumpope kumangotuluka nthunzi. Ndiye achinyamata ena kuno ku Rumphi mitima yadumpha kale: ife madzi tili nawo, South Rukuru akulindima pa Njakwa usana ndi usiku, phiri la Nyika likukhetsa mitsinje mbali zonse, nanga timagoneranji pamzere wa petulo? Funsolo sindilinyoza, ndi la anthu oganiza. Koma safunsa anadya phula, choncho tiyeni tiyambe tafunsa kuti mpweyawo umatuluka bwanji m'madzimo.

Nzeru yake si yachilendo. Mwana aliyense amene aphunzitsi ake a sayansi anali akhama anaiona ndi maso. Mumatenga mapensulo awiri, n'kuwasongola mbali zonse, n'kuwalumikiza ku batire ndi timawaya, nsonga zinazo n'kuziviika m'kapu ya madzi othira kasoda pang'ono. Posakhalitsa timathovu timayamba kumera pansonga zija. Mbali imodzi timatuluka tambiri, mothamanga, ndiye haidrojeniyo. Mbali inayo timatuluka mwaulesi, ndiye okosijeni amene timapuma. Mukachotsa batire, zonse zii. Azungu awiri, William Nicholson ndi Anthony Carlisle, anachita zimenezi ku London mu 1800, ndipo makina akuluakulu a lero akuchita zomwezo, kungoti akula msinkhu.

Tsono gwirani mawu awa: mukachotsa batire, zonse zii. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya haidrojeni pamafunika madzi okwana malita 9 okha, osadzaza n'theka la ndowa lomwe. Koma magetsi ake ndi mayunitsi 50 kapena kuposerapo. Amene mumagula mayunitsi a ESCOM mukudziwa kuti 50 amakufikitsani pati pamwezi. Ndipo mphamvu imene mwatsekera mu kilogalamuyo ndi ya mayunitsi 33, enawo apita ndi kutentha. Mukafuna kuti mpweyawo ubwererenso kukhala magetsi, mumatayanso ena, moti pa mayunitsi atatu alionse amene munalowetsa mumatolapo imodzi ndi kakusiyira. Haidrojeni si munda ayi, ndi nkhokwe, ndipo ndi nkhokwe ya anankafumbwe: mumaikamo matumba atatu n'kudzatulutsamo limodzi. Amene alibe munda, nkhokwe amangiranji?

Apa ndi pamene mwambi uja ukulowera. Walira haidrojeni walira magetsi, ndipo magetsiwo ndi ambiri, otchipa, osazimazima. Chifukwa chake pa matani oposa 90 miliyoni a haidrojeni amene dziko lapansi limagwiritsa ntchito pachaka, wochokera m'madzi sakwana n'gawo limodzi mwa 100. Wotsalayo wambiri amachita kumukama ku gasi wa pansi pa nthaka ndi ku malasha, utsi wake uli tolotolo, ngakhale kuti onenerera malonda sakonda kuitchula mbali imeneyi.

Kuti tione kumene njirayi imakathera sitisowa kuoloka nyanja zamchere. Abale athu amene anapita ku Halale n'kukakhazikika m'matauni a migodi akuidziwa Kwekwe. Kumeneko kuli fakitale ya Sable Chemicals, imene kuyambira mu 1972 inkang'amba madzi ndi magetsi a ku Kariba. Nthawi imeneyo Rhodesia anali atatsekeredwa malonda ndi maiko ena, pamene magetsi a damu la Kariba anali osefukira, osowa wowagula. Anthu aja anati, m'malo moti mphamvu izingopita, tiyeni tiisandutse feteleza. Haidrojeni ankamuphatikiza ndi naitrojeni wotapa mumpweya womwewu tikupumawu, n'kupanga amoniya, amoniyayo n'kukhala feteleza wobereketsa amene analimitsa chimanga ndi fodya wa dziko lonselo. Makina ong'ambira madziwo paokha ankameza mamegawati pafupifupi 100. Kuti mumvetse kukula kwake, Kapichira yense, amene namondwe Ana atamugumula mu Januwale 2022 dziko lonse tinakhala mumdima, amapanga mamegawati 130.

Zinayenda zaka zoposa 40. Koma anthu anachuluka, mafakitale ndi migodi zinafuna magetsi, mtengo unakwera, ndipo mu 2015, madzi atatsika mu Kariba, makina aja anazimitsidwa. Fakitale inayamba kudalira amoniya woitanitsa pa sitima kuchokera ku South Africa. Nzeru sinathe, akatswiri analipo, madzi a m'makinawo sanasowe. Anasowa ndi magetsi basi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe nkhani ya Kwekwe sindikuikamba kuti ndikugwetseni mphwayi. Muli phunziro lina m'menemo limene ine limandikoka mtima kuposa magalimoto onse a pa foni aja. Taganizani, kodi chimene chimamuliza mlimi wa ku Bolero, ku Mhuju kapena ku Hewe chaka ndi chaka n'chiyani? Si feteleza kodi? Thumba lililonse la yureya kapena la CAN limachita kuchokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo timaligula ndi madola omwewo amene fodya wathu wabweretsa. Tsono werengani nane. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi naitrojeni wokwana makilogalamu 23. Kuti naitrojeni ameneyu amangike pamafunika haidrojeni pafupifupi makilogalamu 5, kutanthauza madzi ndowa ziwiri ndi pang'ono, ndi magetsi mayunitsi cha m'ma 250, osawerengera ntchito zina za m'fakitale. Naitrojeniyo ngwaulere, wadzaza mlengalenga. Choncho thumba limene timalilira lija, mbali yake yaikulu ndi magetsi ovala saka. Dziko limene lili ndi magetsi otsala likhoza kudzipangira feteleza, ndipo feteleza savuta kusunga ngakhale kunyamula pa ngolo.

Haidrojeni payekha ndiye wovuta. Ndi wopepuka kuposa mpweya wina uliwonse, amapulumukira pa kampata kosaoneka ndi maso, ndipo lawi lake masana silioneka bwino. Kuti akwane m'thanki ya galimoto amachita kumupanikiza kuwirikiza 350 kapena 700 kuposa mpweya wa panja, ndipo kuti asanduke wamadzimadzi ayenera kuzizira kufika madigiri 253 pansi pa ziro. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, n'zoona, koma ndani mwa ife wakonzeka ukwati umenewu pa galaja za pa Boma? Kampani ya Anglo American inaonetsa chilole cha haidrojeni chonyamula matani 290 pa mgodi wa Mogalakwena ku Limpopo mu 2022. Kumeneko n'kumgodi, kumene galimoto imazungulira malo amodzi ndipo amisiri ali pompo. Kwa kabaza wa njinga yamoto kapena minibasi ya ku Mzuzu, batire wamba amabweza magetsi ambiri kuposa haidrojeni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndikadutsepo pang'ono pa za chitsulo, poti kuno n'kwawo kwa Aphoka, amene ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi m'mapiri awa Mzungu asanaponde. Makala a m'ng'anjo ntchito yake inali kulanda okosijeni m'miyala kuti chitsulo chitsale. Haidrojeni amathanso kugwira ntchito yomweyo, ndipo ku Sweden anatulutsa chitsulo chotere mu 2021, popanda malasha. Amene amakumba malasha ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi nkhani imeneyi aziitchera khutu, ngakhale kuti kwa ife idakali kutali.

Nanga munda wathu wa magetsi uli pati? Rumphi si mlendo pa zimenezi. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ku Khondowe mu 1894, sipanapite zaka zambiri madzi a ku Manchewe anayamba kuyatsa mababu ku Livingstonia, matauni ambiri a mu Africa muno akuunikirabe nyali. Mulungu anatipatsa chinthu chimene ena amachisirira: madzi ochokera pamwamba pa Nyika, mamita oposa 2,000, akutsetserekera ku nyanja imene ili pansi pa mamita 500. Pa South Rukuru pali malo a Fufu, amene akatswiri anayeza n'kupeza kuti angatulutse mamegawati oposa 200. Takhala tikumva za Fufu kuyambira tsitsi lili lakuda. Mpaka lero magetsi ambiri a dziko lino akudalirabe mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumpoto kuno kuli ka Wovwe ku Karonga, kosafika n'mamegawati 5.

Ndipo matope a m'mwambi uja kuno ndi matope enieni. Onani mtundu wa madzi pa mlatho wa Njakwa mvula ikagwa: ofiira, olemera ndi dothi la m'minda ya m'mphepete ndi la m'mapiri amene tameta chifukwa cha makala ndi zigafa za fodya. Dothi limenelo ndi limene lidzakwirire damu tisanabweze ngongole yomangira. Mwezi wa Okutobala mtsinje womwewo umaphwa n'kusiya miyala pamtunda. Makina ong'amba madzi ndi odula, safuna kugwira ntchito miyezi isanu n'kugona miyezi isanu ndi iwiri.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Tipangane lero ndondomeko yake: choyamba mtsinje utetezedwe, chachiwiri damu limangidwe, chachitatu magetsi alowe m'nyumba, m'zipatala, m'zigayo ndi m'masukulu, poti Amalawi ambiri akumidzi sanayatsepo babu la ESCOM m'nyumba zawo. Akatsala, makamaka a usiku anthu atagona ndi a nthawi ya dzinja mtsinje utadzaza, amenewo ndiwo tipange nawo haidrojeni, ndipo haidrojeniyo apite ku feteleza, osati ku magalimoto.

Inu achinyamata amene mukuphunzira sayansi ku Livingstonia ndi ku Mzuzu, iphunzireni ndithu nzeru imeneyi, idzafunika. Koma aphungu ndi a nduna akabwera pamsonkhano pa Boma kapena ku mwambo wa Gonapamuhanya n'kuyamba kukamba za mafuta a mawa, imikani dzanja mwaulemu muwafunse kuti ntchito ya pa Fufu iyamba chaka chiti.