Anzawo a bambo anga



Mwezi uno zakwana zaka zitatu chiikireni bambo anga m'manda, Allah awachitire chifundo. Tsiku lake likafika ndimachita zomwe ambirife timachita: chithunzi chawo chija avala yunifolomu ndimachiika pa status, pansi pake n'kulemba duwa. Ma "Ameen" amabwera mpaka foni kutentha. Pakatha maola 24 status ija imazimirira, ine n'kubwerera ku zanga. Chaka chino ndisanaike n'komwe, mayi anandifunsa ali pa mkeka wawo: "Kodi anzawo a bambo ako aja unawaonako liti?" Ndinangoti kakasi.

Bambo anali msilikali. Anali m'gulu la asilikali a Malawi amene anatumizidwa ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kukalondera njanji ya ku Nacala, ija imadutsa pa Liwonde n'kutulukira pa Nayuchi, nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Nkhondoyo inatha ndi pangano limene linasainidwa ku Rome mu October 1992. Zimenezi ndinachita kuwerenga ndekha, bambo sanandiuzepo. Ukawafunsa za kumeneko ankangoti, "Kathandize amako kukhitchini."

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankakamba naye za ku Mozambique, mnzawo amene anali naye limodzi kunjanjiko. Madala amenewa akabwera, awiriwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango, bawo pakati, tiyi pambali. Pena kuseka mpaka misozi, pena chete ola lathunthu, mbewu zokha zikulira m'maenje. Anali Mkhristu, koma ndi iwo amene ankayang'ana dzuwa n'kunena kuti, "Iwe, Asr yako yakwana," bambo n'kunyamuka kukachita wudhu. Tsiku la janaza anaima kumbuyo kwenikweni, chipewa chili m'manja. Kuchokera tsiku limenelo sindinawafunefunenso.

Ndiye funso landivuta ndi ili: kodi munthu akamwalira, ubwenzi wake umakwiriridwa naye limodzi? Za cholowa timazidziwa. Nyumba, munda, njinga, zonse shehe anatithandiza kugawa monga mmene Chisilamu chimanenera. Koma pamndandanda uja panalibe amene analembapo mnzawo.

Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Abdullah ibn Umar (RA). Ali pa ulendo wa ku Makka anakumana ndi munthu wa kuchipululu, namupatsa bulu amene ankakwera ndi nduwira ya kumutu kwake. Amene anali naye anadabwa, poti anthu a kuchipululu amakhutira ndi zochepa. Iye anawauza kuti bambo a munthuyo anali bwenzi la Umar, ndipo kuti anamva kwa Mtumiki (SAW) kuti ubwino waukulu umene mwana angachitire bambo ake ndi kusunga ubale ndi anthu amene bambowo ankawakonda. Taonani, amene anapatsidwa buluyo sanali mnzake wa Umar weniweniyo ayi, anali mwana wa mnzake chabe. Nanga ine amene mnzawo weniweni ali moyo, ulendo wa minibasi imodzi?

Zifukwa ndinali nazo, ndipo sizinali zabodza. Transport yakwera. Madalawo ali ndi ana awo. Ndinamvanso kuti chimwalirireni bambo anayamba kumwa. Komanso kunena zoona, mnzawo anamusankha ndi bambo, si ine.

Koma chifukwa chenicheni chinali mantha. Bambo a pa status ndi oyera mbee, nsapato zopolisha, nkhope yofatsa. Bambo amene ndinakula nawo anali aukali, ankadzidzimuka usiku akukuwa, ndipo chikwapu chawo ndimachikumbukira mpaka lero. Madala aja amawadziwa bambo achiwiriwa kuposa ine, ndipo sindinkafuna kumva. Inde, Mtumiki (SAW) anatiletsa kutukwana akufa, pakuti anafika kale ku zimene anatsogoza. Koma kusatukwana ndi kwina, kupeka munthu amene sanakhaleko ndi kwinanso. Ndipo ngati bambo anali angwiro ngati a pachithunzi chija, ndimawapemphera chikhululuko cha chiyani Swala iliyonse? Duwa yangayo imavomereza zimene status yanga imabisa.

Loweruka lapitali ndinapita, shuga ndi sopo m'jumbo. Maso awo sakuonanso bwino. Nditapereka moni anandigwira dzanja osalisiya, n'kunditchula dzina la bambo. "Mawu ake omwewo," anatero.

Za nkhondo sanakambe zambiri. Anangoti bambo anabwerako ali munthu wina, ndipo ankadziwa kuti ana awo amawaopa, zimene zinkawapweteka kwambiri. Ndinayang'ana pansi. Kenaka, ngati akunena za nyengo, anati fizi yanga ya Fomu 3 bambo anakongola kwa iwo, penshoni itachedwa, ndipo imfa inawapeza asanabweze.

Abale, thupi langa linazizira. Tonse tinamva kuti mzimu wa Msilamu umakhala womangika ndi ngongole yake kufikira itabwezedwa. Pamaliro anafunsa mokweza ngati alipo amene malemu anali naye ngongole, ndipo madalawa anali pomwepo, osanena kanthu. Zaka zitatu ine ndikutolera ma "Ameen", osadziwa.

"Bambo, zinali zingati? Ndibweza, Insha Allah."

"Mwanawe, ngongole imeneyo ndinaikwirira limodzi ndi iyeyo. Ndinamukhululukira ndili pamanda pomwepo. Kawafunse ashehe ako ngati zimatheka."

Ndinafunsadi, ndipo anati mwini ngongole akakhululuka ndi mtima wake wonse, yatha. Komabe mtima wanga sunakhazikike, ndipo sindikudziwa ngati chimene chikundivuta ndi ndalamazo.

Ndikutsanzika anandifunsa ngati bawo ndimalitha. Ndinati ayi. Anapukusa mutu, akuti mwana wa msilikali uja sangamachite manyazi otere. Bawo la bambo mayi analisunga kuseri kwa kabati, mbewu zake zili m'chitini cha mkaka. Ndalipukuta fumbi, Loweruka ndinyamula.