Tiwadikire Abale Athu Achibwibwi



M'makoleji mwathu muli ana ena amene amadziwa yankho, koma sakweza dzanja. Akatsiriza maphunziro, tsiku lokafunsidwa mafunso pofuna ntchito amaliopa koposa mayeso onse. Amenewa ndi abale athu achibwibwi. Akatswiri amati mwa akulu 100 alionse mmodzi ali nacho. Chibwibwi si ufiti, si chilango cha tchimo, ndiponso si kuchepa nzeru ai.

Pa Eksodo mutu 4 tiwerenga kuti Mose anadandaulira Mulungu za kulemera kwa lilime lake. Mulungu sanamchotse pa ntchito: anamkumbutsa kuti wolenga pakamwa ndi Iye mwini, nampatsa Aroni mkulu wake kuti amthandize. Ku St. Gallen, m'dziko la Switzerland, kunali mmonke Notker, amene anamwalira m'chaka cha 912. Ankadzitchula yekha Wachibwibwi, komabe anaphunzitsa ana m'sukulu ya amonke, napeka nyimbo za pa Misa zimene zinaimbidwa zaka mazana. Eklezia amamtchula Wodala. Nayonso mfumu George VI, imene inalamulira Nyasaland, inayamba kuphunzira kulankhula kwa Lionel Logue mu 1926. Pa 3 September 1939 inalengeza za nkhondo pa wailesi, mau akulemera, koma inatsiriza.

Tsono inu anyamata ndi atsikana a ku Chikangawa, Mzimba ndi Katete, mukapita ku Mzuzu University kapena kwina, musabisale m'ngodya. Uzani aphunzitsi anu poyambirira pomwe kuti muli ndi chibwibwi, pakuti kubisa kumakulitsa mantha, ndipo mantha amamanga lilime. Konzekerani mau anu, lankhulani mosathamanga. Lowani kwaya: achibwibwi ambiri amaimba osapunthwa.

Ndipo inu aphunzitsi, akapitao a pamacheka ndi olemba anthu ntchito, musaseke, musamtsirizire mau m'kamwa, musayang'ane kumbali. Yesani ntchito ya manja ake ndi nzeru zake. Paini wa m'nkhalango ya Viphya mumamdikira zaka 20 ndi kuposa asanasanduke matabwa. Kodi mbale wanu simungamdikire kamphindi?

Pa Marko mutu 7, Ambuye Yezu atakumana ndi gonthi wovutika kulankhula, anamtengera pambali kuti khamu lisamuunjirire, nayamba kumtsekula makutu. Atitsekule makutu nafenso, kuti tizimva abale athu mpaka atatsiriza. Amen.