Mfundo zofunika: Zimene Majete ikutiphunzitsa pa kugwirana manja

M'chaka cha 2003 boma la Malawi, kudzera m'nthambi yake yoona za nyama zakutchire, linasainirana mgwirizano wa zaka 25 ndi bungwe la African Parks kuti lithandize kuyendetsa nkhalango ya Majete ku Chikwawa. Pa nthawiyo Majete inali itatsala dzina lokha. Zipembere zinali zitatha kale, njovu nazo zinatheratu pofika 1992, ndipo alendo anali atasiya kupitako. Lero njovu, zipembere, mikango, njati ndi akambuku zikuyendanso m'mbali mwa Shire. Kodi ife, abale ndi alongo, tingatolepo chiyani pa nkhani imeneyi?

1. Kupempha thandizo si kugonja. Boma linali ndi malo komanso malamulo, koma linalibe ndalama zokwanira zomangira mpanda, zogulira mafuta a galimoto, ndi zolembera alonda ambiri. Likanaumirira kuti lithana nazo lokha, bwenzi lero tikungouza ana athu nthano za njovu za ku Majete. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Nanga ndi mijigo ingati m'midzi mwathu imene yakhala yakufa kwa zaka, chifukwa komiti ikuchita manyazi kunena kuti yalephera? Ndi mabanja angati amene akumira mwakachetechete pomwe ankhoswe ali pafupi?

2. Wothandizidwa asataye umwini. Apa ndi pamene ambiri timaterereka. Pa mgwirizano wa ku Majete nkhalango sinagulitsidwe. Idakali ya Amalawi. Bungwe limayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, koma malamulo ndi a dziko lino. Ndi aphungu athu amene anakhwimitsa lamulo la nyama zakutchire, moti kuyambira 2017 wopezeka ndi minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30, ndipo ndi makhoti athu amene amagamula milanduyo. Mlendo angathe kubwera ndi ndalama ndi luso, koma sangatidere nkhawa m'malo mwathu. Mgwirizano uliwonse uli ndi tsiku lake lothera. Likadzafika, kodi tidzakhala titaphunzitsa ana athu okwanira kukhala madokotala a nyama, osunga ndalama ndi oyang'anira nkhalango? Kapena tidzaima pachipata tikudikira mlendo wina?

3. Chikhulupiriro chimamangidwa ndi zaka. Zipembere zinabwerera ku Majete mu 2003, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Palibe chimene chinachitika usiku umodzi. Boma linaonerera ntchitoyi kwa zaka 12 lisanapereke nkhalango za Liwonde ndi Nkhotakota kwa bungwe lomweli mu 2015. Kenako mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, kumene zinali zitatsala zosakwana 100. Taganizani ntchito yake: dokotala ali mu helikoputala akulasa banja lonse la njovu ndi mankhwala ogonetsa, anyamata pansi akuthamanga kuphimba maso a njovu iliyonse ndi khutu lake, wina akuika kamtengo kunsonga kwa chitamba kuti mpweya usatsekeke. Mmodzi akangozengereza, nyama imafa. Anthu amene sanaphunzire kudalirana pa zazing'ono sangagwire ntchito yotere.

4. Wokhala m'mphepete mwa mpanda nayenso ndi mwini pangano. Mfundo iyi ndiyo imandilemera mumtima kuposa zonse. Papepala la mgwirizano pamasaina anthu awiri, boma ndi bungwe, koma amene amagona limodzi ndi zotsatira zake ndi wachitatu: mayi amene munda wake wachita malire ndi nkhalango. Chimanga chikayamba kukhwima, iye sagona m'nyumba. Amachezera kumunda, akusonkha moto, akumenya zitini, mwina akufukiza ndowe zosakaniza ndi tsabola kuti njovu zisayandikire. Zikalowa ndithu, thukuta la chaka chonse limatha tambala asanalire.

Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, boma likugwira ntchito ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW. Cholinga chinali chabwino, pakuti Liwonde inali itadzaza. Koma pambuyo pake anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Kasungu, kuno kwathu komanso kutsidya ku Zambia, anadandaula za minda yowonongedwa ndi abale awo ophedwa ndi njovu. Tisatembenuze nkhope pa maliro amenewa. Tikamawerenga njovu zimene zachuluka, tiwerengenso nkhokwe zimene zapasulidwa.

Ku Majete, mpanda wamagetsi unazungulira nkhalango yonse, anthu a m'midzi yoyandikana analembedwa ntchito, ena akuweta njuchi, ndipo ana ena akulipiriridwa sukulu. Munthu amene mwana wake ali ku sekondale chifukwa cha nkhalango satchera msampha wawaya, ndipo akaona mnzake akutchera sakhala chete. Nanga m'mipingo ndi m'makomiti mwathu, kodi sitimagwirizana zinthu zazikulu osamufunsa amene adzasenze katunduyo? Mu 2023 boma linasainiranso mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation wosamalira Nyika ndi Vwaza, dera limene anthu ena akukumbukirabe mmene anasamutsidwira pokulitsa nkhalango ya Nyika mu 1978. Mafumu ndi alimi a kumeneko ayenera kumvedwa misonkhano isanathe, ndipo mpanda uzimangidwa nyama zisanafike.