Kodi Mankhwala Osachiritsa N'ngoyenera Kuwafunafuna?

M'makomo ena a m'mbali mwa nyanja muno muli nkhalamba imene dzanja lake limanjenjemera ili chikhalire, zala zikukhulana ngati zikuwerenga tasbihi yosaoneka. Poyenda imakwakwaza mapazi itawerama, ndipo nkhope yake inauma moti adzukulu amaiyesa yokwiya. Ena amati ndi ukalamba, ena amanong'ona za majini, pamene oipa mtima amati ikulipira zimene inkachita mumdima. Achipatala ali nalo dzina: matenda a Parkinson, potengera dokotala wa ku London, James Parkinson, amene anawalongosola m'chaka cha 1817. Koma akatchula dzinalo amawonjezera mawu olemera, akuti mankhwala ochiritsiratu sanapezekebe. Funso lathu lagona pamenepa. Ngati munthu sadzachira, kodi n'koyenera kuti banja ligulitse mbuzi kapena ukonde kuti akaonane ndi katswiri wa ubongo ndi mitsempha ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre?

Amene amati ayi tisawayese ouma mtima. Ndalama ya ulendo ndi yomweyo yolipirira mwana sukulu, ndi yomweyo yogulira chimanga mu Febuluwale. Amatinso Msilamu ayenera kupirira ndi kuyedzamira mwa Allah. Pa kupirirako tikuvomerezana nawo. Chimene tikukana n'chakuti kupirira kutanthauze kusafuna kudziwa.

Si kunjenjemera konse kumene kuli Parkinson. Kulipo kwina koyenda m'magazi a pabanja, kumene kumabwera munthu akanyamula kapu kapena akamalemba, n'kuleka dzanja likapuma; kumeneko kuli ndi mankhwala akeake monga propranolol. Kulipo kochokera ku chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso. Ndiponso mankhwala ena, monga haloperidol ndi chlorpromazine a matenda a maganizo, kapena metoclopramide woletsa kusanza, amatha kuumitsa thupi ndi kulinjenjemeretsa ngati Parkinson weniweni, ndipo dokotala akawasintha, nthawi zambiri munthu amabwerera mwakale. Tangoganizani banja lonyamula mayi wawo zaka zisanu pa vuto limene gwero lake linali m'kabotolo ka pawindo! Kusiyanitsa zimenezi si kwa makina oyeza magazi okha ayi. Katswiri amayang'ana mayendedwe, amapinda chigongono kuti amve kuuma kwake, amauza wodwala kugundanitsa zala mobwerezabwereza kuti aone ngati zikunka nizichedwa, nafunsa mbali imene vuto linayambira, pakuti Parkinson amakonda kuyamba mbali imodzi. Ndi luso la maso ndi manja ozolowera, ndipo n'chifukwa chake ulendowo umafunika.

Nanga akapeza kuti ndi Parkinson ndithu? M'kati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa substantia nigra, kamene kamapanga dopamine, madzi othandiza kuti thupi limvere msanga chimene mwini wake wafuna. Maselo a pamenepo akamafa, chifuniro chimakhalapo koma thupi limazengereza. Wasayansi wa ku Sweden, Arvid Carlsson, anaonetsa kufunika kwa dopamine cha m'ma 1957, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 odwala anayamba kulandira levodopa, amene ubongo umamusandutsa dopamine. Levodopa saukitsa maselo akufa. Chimene amabweza ndi maola: maola oti bambo atapa nsima ndi dzanja lawo, achita udhu okha, apita kuchimbudzi popanda kugwiriziridwa ndi mpongozi. Amene sanaonepo manyazi a munthu wamkulu akumangidwa lamba ndi mdzukulu ndi amene angati maola amenewa n'ngachabe. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analimbikitsa kufuna mankhwala, ndipo chifundo chimene anaphunzitsa sichidikira chitsimikizo chakuti wodwala adzadzuka.

Malire ake tisawabise. Pakapita zaka mphamvu ya piritsi imatha msanga, ndipo ena amayamba kugwedezeka thupi mosafuna chifukwa cha mankhwala omwewo, choncho muyeso wake umafuna kuunikidwanso nthawi ndi nthawi. Kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Kwa ife odya chambo ndi usipa pali chinanso: ndiwo zomanga thupi zimalimbana ndi levodopa polowa m'magazi, n'chifukwa chake madokotala amalangiza ena kumwa piritsi theka la ola asanadye. Chodabwitsa n'chakuti levodopa yemweyu ali m'nthanga za chitedze chathu choyabwachi ndi mbale wake kalongonda, koma muyeso wake m'nthangazo sufanana, ndipo woyesa yekha kunyumba akhoza kudzipweteka. Matendawa amayenda pang'onopang'ono: Muhammad Ali anapezeka nawo mu 1984, anayatsa muuni wa Olimpiki ku Atlanta mu 1996 dzanja likunjenjemera dziko lonse likuona, ndipo anamwalira mu 2016. Kunena kuti munthu sadzachira sikunena kuti afa mawa.

Kodi tsono banja lidzisaukitse mpaka ana kugona ndi njala? Sitikutero. Katundu woposa mutu umodzi ndi wa mudzi wonse, ndipo sadaka ya pa mzikiti ikamathera pa matayala ndi utoto pamene mmodzi wa mzere woyamba akulephera ya basi, pali chimene chasokonekera. Chipembedzo nacho chinapeputsa kale: Imran bin Husain atadwala analoledwa kuswali chikhalire, ndipo akalephera, chogona chammbali. Wodwala amene ayenera kumwa piritsi kangapo dzuwa lili kunja, ndipo matenda ake si akanthawi, maulama amamulola kudyetsa wosauka m'malo mosala Ramadhani.

Pa mkangano wonsewu pali mmodzi amene kawirikawiri safunsidwa, ndiye mwini dzanja lonjenjemera. Popeza nkhope yake siisonyeza kanthu ndipo mawu ake atsika, abale amakambirana za iye ali pomwepo ngati palibe, chonsecho ambiri mwa odwalawa, makamaka zaka zoyambirira, amamva ndi kuzindikira zonse. Mufunseni ngati akuufuna ulendowo. Muzimitse wailesi, musendere pafupi, ndipo musamumalizire mawu, pakuti yankho lake limachedwa kutuluka.