Mtima wa Mnzako ndi Tsidya Lina

Munthu akaimirira pagulu nanena kuti, "Ine ndasintha, sindinenso uja munkamudziwa," kodi woyenera kuvomereza kapena kutsutsa mawu akewo ndani? Funsoli ndi lakale, koma kanema wina wa ku America wotchedwa I Am Michael, amene anayamba kuonetsedwa m'chaka cha 2015, analiutsanso.

Kanemayu amalongosola mbiri yoona ya Michael Glatze, ndipo amene anasewera mbali yake ndi James Franco. Glatze anali mnyamata wodziwika pomenyera ufulu wa amuna okondana ndi amuna anzawo. Iye anathandiza kuyambitsa magazini ya achinyamata otere, ndiponso anakhala zaka zambiri ndi bwenzi lake lalimuna. Tsiku lina mtima wake unayamba kugunda modabwitsa, ndipo anagwidwa ndi mantha pokumbukira kuti bambo wake anamwalira ndi nthenda ya mtima iye akali mwana. Manthawo anamutsogolera ku Baibulo. M'chaka cha 2007 analengeza kuti wasiya moyo wakalewo. Mu 2013 anakwatira mkazi, ndipo anakhala mbusa wa kampingo kena ku Wyoming.

Kanemayu atati aonetsedwe m'kanyumba ka vidiyo pa Bvumbwe kapena pa Luchenza, madzulo a tsiku lamalipiro pamene antchito a ku Satemwa, ku Conforzi ndi ku Naming'omba ali ndi kangachepe m'thumba, mkangano wake ungathe kufika mpaka m'makomboni. Mkulu wampingo angatuluke akuti, "Mwaonatu, palibe chomulaka Mulungu." Mnyamata wa Fomu 4 angayankhe kuti, "Iyayi bambo, munthuyo sanasinthe, wangodzinamiza chifukwa choopa imfa." Kunja kumene kanemayu anaonetsedwa maganizo anagawikanso chomwecho, ndipo ena anadandaula kuti wokonza wake, Justin Kelly, sanaonetse mbali imene iye waima.

Wothyola tiyi amadziwa chimene kapitawo akufuna: masamba awiri ndi nsonga, zina zonse amazisiya pamtengo. Kumunda imeneyo ndi nzeru, koma oonera kanema akachita chimodzimodzi amalakwa. Mkulu wampingo uja wathyola ukwati ndi guwa naponya m'dengu lake, wasiya misozi ya bwenzi limene Glatze analitaya, wasiyanso nkhope yosowa mtendere imene mbusayo ali nayo kumapeto pamene akudikira akhristu ake. Mnyamata uja wathyola mantha okhaokha, waiwala kuti anthu ambiri oona mtima anayamba kupemphera ali pamphasa ya matenda, ndipo palibe amene amawatcha onyenga. Aliyense wa awiriwa analowa m'kanyumbamo atagamula kale mlandu, ankangofuna mboni.

Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mwambiwu umadula mbali zonse ziwiri. Wonena kuti Glatze akunama akudzitenga ngati anawoloka mtsinje nakaona zimene zili kutsidyako, pamene sanawoloke. Munthu ali ndi ufulu wosankha chikhulupiriro ndi kulongosola yekha za moyo wake, ngakhale zitawawa anzake akale. Koma wotenga umboni wa Glatze nausandutsa chikoti chokwapulira ena, kuti, "Uyu anatha, iwe ukulephereranji?" nayenso akulankhula za tsidya limene sanapondeko. Apa mpofunika kuchenjera kwambiri, pakuti mbiri ili ndi phunziro lowawa. Bungwe lachikhristu la Exodus International linakhala zaka zoposa makumi atatu likulonjeza anthu otere kuti angathe kusintha. M'chaka cha 2013 linatsekedwa, ndipo mtsogoleri wake, Alan Chambers, anapepesa poyera chifukwa cha anthu amene anavulazidwa mumtima ndi lonjezolo. Umboni wa munthu mmodzi ndi woona kwa mwiniwakeyo. Suli muyeso wa anthu onse.

Palinso chinthu china chimene woonera wa ku Thyolo sayenera kuchilumpha. Glatze ananena zonse ziwiri, zakale ndi zatsopano, popanda kuopa ndende. Kuno ku Malawi zinthu n'zosiyana. Mu Disembala 2009 anthu awiri anamangidwa ku Blantyre atachita chinkhoswe. Mmodzi wa iwo, wobadwa mwamuna koma wodziona ngati mkazi, kwawo kunali ku Thyolo komweko. Pa nthawi ya mlandu khamu linkadzaza pabwalo la khoti, ena kuseka, ena kukuwiza, monga ngati aonera sewero laulere. Mu Meyi 2010 awiriwo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 14, ndipo patangopita masiku owerengeka Pulezidenti Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo nayenso, anawakhululukira pamene mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, Ban Ki-moon, anabwera m'dziko muno. Posakhalitsa mmodzi wa awiriwo anauza atolankhani kuti zimenezo wazisiya ndipo wapeza mkazi. Winayo anakakhala ku South Africa.

Khamu lija linagawikanso. Ena anati walapa, ena anati wachita mantha. Koma munthu amene wangotuluka m'ndende, amene abale akumuyang'ana ndi diso lofiira ndipo msewu wonse ukumuloza chala, akanena kuti "ndasintha," ngakhale womufunira zabwino sangadziwe ngati walankhula ndi mtima kapena walankhula ndi mantha. Ichi n'chimene anthu opemphera ayenera kuchilingalira kuposa wina aliyense, chifukwa ndiwo amaphunzitsa kuti kutembenuka mtima kwenikweni sikuumirizidwa. Kumene kukana kuli ndi chilango, kuvomera kumachepa mtengo.

Nkhaniyi sinathe. Mu Julayi 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anatsogolera maulendo a pamsewu otsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa malamulo oletsa mchitidwewu. Amalawi ambiri amagwirizana ndi chigamulocho, ndipo ali ndi zifukwa zawo za chipembedzo ndi chikhalidwe. Komabe pakati pa otuluka m'kanyumba ka vidiyo kaja pangathe kukhala wina amene sanalankhulepo kanthu, amene nkhani ya Glatze yamukhudza mosiyana ndi anzake onse. Iyeyo akuyenda pambuyo m'kanjira ka pakati pa minda ya tiyi, akumvetsera mmene mkulu wampingo ndi mnyamata wasukulu akukanganirana za moyo wake, osadziwa kuti mwiniwake ali pomwepo.